Kompresa ya Mphwathu

Mwezi uno tikupemphani kuti mutilole kukamba nkhani ya pabwalo la nyumba yathu ku Mtendere. Ndi nkhani ya makina amene kale tinali kungowaona kwa okonza matayala m'mbali mwa mseu, osadziwa kuti tsiku lina adzatisowetsa tulo. Makinawo ndi kompresa, ija imaunjika mpweya m'thanki kuti munthu apopere nao penti.

Galimoto yathu ndi Toyota Corolla yakale, imodzi mwa zija zimacokera ku Japan zitagwira kale nchito, n'kulowera pa Nakonde. Injini yake ikali yamphamvu, koma dzuwa la Lusaka linaidya pamwamba. Padenga ndi paboneti penti anali atasuluka ndi kukanganuka monga makungwa a mtengo wa gwafa, ndipo dzimbiri linali litayamba kulowa m'mphepete mwa zitseko.

Tili ndi mphwathu, mwana wa mlongo wathu wa ku Kanyama. Mnyamatayu anatha zaka zitatu akuthandiza pa garaji ina, kupala magalimoto ndi sandipepa ndi kumata mapepala pa magalasi, osalandira ndalama yooneka. Tsiku lina Lamulungu, titangofika kucokera ku Misa, anakhala pansi pafupi ndi mpando wathu nati: "Amalume, manja ndili nao, maso ndili nao. Cimene ndilibe ndi mpweya. Mundigulire kompresa, ndiyambe ndi galimoto yanu yomweyi. Anthu akaiona ikuyenda mumseu adzafunsa okha amene anaipenta."

Mnyamatayo anadziwa nthawi yopempha. Mu Epulo 2023 lamulo linalola mamembala a NAPSA amene anasonkhapo miyezi 60, kapena amene anakwanitsa zaka 45, kutapako magawo 20 pa 100 a zosonkha zao, kamodzi kokha. Ife tinali titatapa gawo lathu la zaka zimene tinagwira ukalaliki pa kampani ina, ndipo amai a kunyumba anali ataziwerengera kale ndalamazo malata a cipinda ca kumbuyo cimene cimadontha dzinja lililonse. Tsono mukuona nokha kuti sinali nkhani ya makina cabe. Ndalama yotapa kamodzi ikagula cinthu colakwika, palibe kwina kokatapanso, ndipo mwana wa mlongo wako ukamukana, mau ake amakafika kumudzi iwe usanafike.

Tinagwirizana kuti tiyambe tayesa ndi yobwereka. Mnansi wathu wina anali ndi kompresa yaing'ono yofiira, yonyezimira, ya thanki ya malita 24. Pambali pake panalembedwa zilembo zazikulu: 2 HP, ndiye kuti mphamvu ya mahachi awiri, ndiponso 8 bar. Mphwathu anabwera ndi mfuti yake yopopera ya mtundu wa HVLP imene anaigula ndi ndalama zake, ndipo m'mawa wina mu Ogasiti tinacotsa boneti n'kuiika pa njerwa.

Theka loyamba la boneti linatuluka bwino kwambiri, mwakuti tinaitana amai kuti adzaone. Asanapukute manja, zinthu zinali zitasintha. Singano ya geji inayamba kutsika, mota inabangula osalekeza, ndipo penti amene anali kutuluka ngati nkhungu anayamba kutuluka madontho. Pamene anagwera panakhala tokhakhala ngati khungu la lalanje. Kenaka mfuti inalavula madzi, n'kusiya timatuza. Kutsiriza zonse, mphepo ya Ogasiti inadza ndi fumbi la mumseu n'kulimata pamwamba. Mphwathu anati penti ndi woipa. Ife sitinanene kanthu, koma mumtima tinati mwina zaka zitatu za ku garaji zija mnyamatayu anali kungosesa. Tinamlakwira, ndipo tikulemba pano kuti adziwe.

Safunsa anadya phula. Mawa lake tinanyamula kompresa ndi mfuti kupita nazo ku Kalingalinga, kumene m'mbali mwa Alick Nkhata Road mumaona mageti, mafelemu a zitseko ndi a mawindo ataimikidwa mzera, ndi nthethe za owocherera zikuthetheka tsiku lonse. Kuseri kwa mzerawo kuli mdala wina amene wapenta magalimoto kuyambira nthawi ya Kaunda. Sanayang'ane n'komwe boneti imene tinamfotokozera. Analumikiza kompresa ku magetsi, naidikira mpaka inadzaza n'kuzima yokha, napatsa mphwathu mfuti yopanda penti.

"Kanikiza, usaleke. Inu bambo, yang'anani nkoloko yanu."

Tinawerenga. Mphindi imodzi isanakwane, singano inali itagwa pansi pa mlingo umene mfutiyo imafuna, ngakhale kuti mota inali ikugwira nchito ndi mphamvu yake yonse.

"Iwe ukhala ku Kanyama," anatero mdalayo kwa mphwathu. "Amai ako ali ndi diramu ya madzi. Ngati mpopi ukutulutsa madzi ocepa, ndipo inu mukutunga ndi ndowa zitatu, diramu idzatha kapena siidzatha? Ukagula diramu yaikulu, idzathabe, kungoti mocedwerako. Thanki ndi diramu. Cimene ufunika kufunsa ndi mpopi."

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo tikufuna kuti amene ali ndi maganizo onga athu amvetse bwino, pakuti ogulitsa ambiri amayamba kuchula kukula kwa thanki, mahachi ndi mabar, zinthu zitatu zimene zimakopa maso. Nambala yofunika koposa ndi ya kuculuka kwa mpweya umene pampu imatulutsa pa mphindi imodzi. Ena amailemba m'malita pa mphindi, ena m'zilembo za CFM, ndipo CFM imodzi ndi malita 28 ndi kakang'ono pamwamba. Mfuti iliyonse nayonso ili ndi nambala yake ya mpweya umene imadya. Za HVLP zambiri zimadya CFM 10 kufikira 15, ndiko kuti malita 280 kufikira 420 pa mphindi. Sizifuna mpweya wokanikiza kwambiri, pafupifupi 2 bar polowera mfuti n'kokwanira, koma zimaufuna wambiri ndi wosadukiza. Conco 8 bar ija yolembedwa mwa zilembo zazikulu siithandiza kanthu ngati pampu ili yaing'ono. Pafupifupi kompresa iliyonse ya m'sitolo imafika pa 8 bar, monga momwe mpopi wodontha umadzazira diramu ukaupatsa usiku wonse.

Madzulo ake tinatenga pensulo n'kucita masamu amene anatiphunzitsa ku mishoni. Thanki ya malita 24 ikatsika kucoka pa 8 bar kufika pa 3 bar, imakhala itapereka mpweya wa malita pafupifupi 120. Tinene kuti mfuti ikudya malita 300 pa mphindi, ndipo pampu ikubwezera malita 120 okha. Mphindi iliyonse pakupelewera malita 180. Ndiye kuti nkhokwe yonse ija ikutha m'masekondi 40. Ikani pampu yomweyo pa thanki ya malita 100, mudzapopera kosakwana mphindi zitatu, kenaka muime kudikira. Komatu penti sadikira munthu. Ukaima pakati pa denga la galimoto, mbali imodzi imayamba kuuma, ndipo pokumana penti wakale ndi watsopano pamakhala mzera umene aliyense adzauona.

Sabata lotsatira tinayendayenda m'masitolo a ku Kamwala ndi a m'tauni, ndipo tinaphunzira cinanso. Nambala ya malita pa mphindi imene imalembedwa pabokosi kawirikawiri ndi ya mpweya umene pisitoni ingakoke ngati palibe wotayika. Umene umafikadi ku paipi ndi wocepa, nthawi zambiri pafupi ndi magawo awiri mwa atatu a nambalayo. Opanga oona mtima amalembanso nambala yaciwiri pansi pa zilembo za FAD, ndipo imeneyo ndiyo yoiyerekeza ndi njala ya mfuti. M'sitolo ina mnyamata wogulitsa tinamfunsa za FAD, iye n'kutiyankha kuti makinawo ali ndi galanti ya miyezi isanu ndi umodzi. Sitinamkwiyire. Nayenso anauzidwa zoti anene. Tinapempha kabuku ka m'bokosi n'kudziwerengera tokha, ndipo pamene sitinaipeze nambalayo tinacotsa gawo limodzi mwa atatu.

Pali cina cimene mabukuwo sachula, cifukwa ambiri analembedwa m'maiko a m'mbali mwa nyanja zazikulu. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi gawo ngati limodzi mwa asanu ndi awiri poyerekeza ndi wa ku Dar es Salaam kapena Durban. Pisitoni ikakoka kamodzi, imakoka mpweya wocepako. Kompresa imene kunyanja imangokwanira ndendende, kuno idzapelewera. Mdala wa ku Kalingalinga sanadziwe za mamita, koma anali atatiuza kale kuti tigule yoposa njala ya mfuti, tisagule yolingana nayo.

Wina anganene kuti, basi, gulani yaikulu. Mphwathu ananenadi zimenezo. Koma nyumba za m'komboni zili ndi malire ake. Magetsi athu ndi a single phase, a 230 volts, ndipo mota yaikulu imene angayendetse bwino pa soketi ya m'nyumba ndi ya mahachi atatu, pafupifupi 2.2 kW. Zoposa apo zambiri zimafuna magetsi a three phase, onga a m'mafakitale. Ngakhale ya mahachi atatuyo, pouka imakoka magetsi oculuka kangapo kuposa pamene ikuyenda. Mukailumikiza ku nthambo yaitali yopyapyala, ija timakokera wailesi panja pa cikondwerero, mota imangong'ung'udza osazungulira, imatentha, ndipo mukaumirira imapsa. Mdalayo anati: talikitsani paipi ya mpweya, osati nthambo ya magetsi. Paipiyo ikhale yotakata mkati, mamilimita 10 ngati ilipo, pakuti yopyapyala imatsamwitsa mfuti. Ndipo amene mumagawana mita imodzi ndi anzanu a lendi, kambiranani msanga za mayuniti, cifukwa mota yotere imadya oposa awiri pa ola limodzi ikamayenda osaima.

Tili pakati pa kuwerengera, mphwathu anamva za kompresa yochipa ku Matero, ya thanki yaikulu ngati ng'ombe yogona, pa theka la mtengo wa yatsopano. Tinapita. Inali yopakidwa penti watsopano wobiriwira, yokongola ndithu. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Tinapempha mwini wake kuti atsegule kapopi ka pansi pa thanki, ndipo kanakana kutseguka mpaka anakagwira ndi sipanala. Munatuluka madzi ofiira a dzimbiri odzaza mbale. Titagwada kuyang'ana kumimba kwake tinaona cigamba cowocherera, ndipo pamalo a valavu yotetezera, imene imatulutsa mpweya ukapyola muyeso, panali bauti. Thanki yotere imadyeka kucokera mkati, kumene diso silifika, ndipo ikaphulika pabwalo pamene ana akusewera, palibe cigamba cimene cingabweze mwana. N'cimodzimodzi zija zopanga pamanja zimene timaziona m'makomboni, za mota ya firiji yolumikiza ku botolo lakale la gasi. Luso la anyamata amene amazipanga timalilemekeza, koma mpweya wake ndi wocepetsetsa, umatuluka ndi mafuta, ndipo zambiri zilibe valavu. Tinathokoza mwini wake n'kubwerera wapansi mpaka pokwerera basi, mphwathu ali cete njira yonse.

Madzi aja amene analavulidwa paboneti yathu ali ndi cifukwa cake. Mpweya uliwonse uli ndi cinyezi. Ukapanikizidwa umatentha, ndipo ukamazizira m'thanki ndi m'paipi cinyezico cimasanduka madontho. Kompresa yaing'ono imene pampu yake inalumikizidwa ku mota mwacindunji imazungulira maulendo pafupifupi 2,850 pa mphindi, imatentha msanga, ndipo ikamagwira nchito osapuma imatumiza mpweya wotentha ndi wonyowa ku mfuti. Ya lamba pampu yake imayenda pang'onopang'ono, siitentha kwambiri, imakhalitsa, ndipo phokoso lake anansi angalipirire. Koma iliyonse imafuna sefa yogwira madzi ndi mafuta, yoikidwa kutali pang'ono ndi thanki kuti mpweya uyambe wazizira, ndiponso kutsegula kapopi ka pansi tsiku lililonse nchito ikatha. Kadontho kamodzi ka mafuta kamasiya kabowo pa penti konga diso la nsomba. M'miyezi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, madziwo amaculuka koposa.

Mkangano weniweni pakati pa ife ndi mphwathu sunabuke pa makina ai, koma pa penti. Iye anafuna wa 2K, uja amasakaniza ndi hardener, amene amawala ngati galasi ndipo amapirira dzuwa zaka zambiri. Ndiye amene eni magalimoto amafuna masiku ano, ndipo pa zimenezo mnyamatayo sananame. Koma m'hardener muli mankhwala ochedwa isocyanate, amene nkhungu yake siioneka ndipo imayambitsa mphumu yosacira. Kansalu ka pamphuno sikaichinga. Kumene amatsata malamulo a nchitoyi, wopopera amavala cophimba nkhope yonse colandira mpweya wabwino kudzera m'paipi, ndipo amapopera m'cipinda cotsekedwa cokhala ndi zokoka mpweya. Tsono ife bwalo lathu ndi khoma la anansi zalekana mikono itatu. Kuseri kwa khomalo amayanika zovala, amaphika pa mbaula, ndipo kuli kamtsikana kamene usiku wa m'nyengo yozizira timakamva kakutsokomola mpaka mbandakuca. Tinati pabwalo pano 2K sadzapoperedwa.

"Amalume, mukundigulira njinga n'kundiletsa kukwera," anatero, napita ku Kanyama masiku anai. Mlongo wathu anatumiza mau akuti tikumpondereza mwana. Amai a kunyumba, amene poyamba sanafune n'komwe za kompresa, ndiwo anakamtenga. Zimene anakambirana kumeneko sanatiuze, koma mnyamatayo anabwera ndi maganizo ake: nchito za 2K azikazicitira kwa mdala wa ku Kalingalinga, amene ali ndi cipinda cake, n'kumlipira pa tsiku, pakhomo azipopera penti wosafuna hardener, atavala cophimba mphuno ca sefa za makala, m'kacisakasa ka mapulasitiki, pansi atathira madzi kuti fumbi ligone, m'mawa ana atapita kusukulu, ndipo atauza anansi kuti asasonkhe mbaula pafupi ndi khoma, popeza nthunzi ya thinners imagwira moto msanga. Penti wotere sakhalitsa padzuwa monga wa 2K. Tinadziwa, ndipo tinavomera kuti galimoto yathu ndiyo ilipire mtengo umenewo.

Mu Okutobala 2023 tinagula kompresa ya lamba, ya mahachi atatu, ya thanki ya malita 100, imene kabuku kake kanalonjeza malita oposa pang'ono 250 pa mphindi pansi pa FAD. Mfuti ya HVLP ija inali yanjala kwambiri kwa iyo, makamaka titacotsapo gawo la kupepuka kwa mpweya wa kuno, conco tinaonjezapo ya mtundu wa LVLP, imene imakhuta ndi malita 100 kufikira 200 pa mphindi. Imapopera mocedwerako, koma singano siigwa. Tinagulanso sefa, paipi yotakata, ndipo tinaitana wodziwa magetsi kudzaika soketi yakeyake pafupi ndi mita. Tizinthu ting'onoting'onoti tinadya ndalama yoposa imene tinaganiza, ndipo malata a amai anathera pomwepo. Mtundu wa galimoto sitinausinthe. Unakhala woyera monga momwe unalembedwera m'buku lake lija anthu amati white book, limene m'cinenero cathu sitingalichule motero popeza dzinalo lili ndi mwini wake. Wosintha mtundu ayenera kukalembetsa ku RTSA, ndipo ife mizera inatikwana kale.

Mphwathu anapalanso boneti yonse mpaka pa citsulo. Tsiku loipenta kaciwiri tinaima pafupi ndi geji ngati mlonda. Singano inatsika pang'ono, mota inauka, singano inabwerera, mota inapuma. Boneti inatuluka yosalala kucokera mbali ina kufika mbali ina. Anatsiriza zitseko ziwiri za kumanja mvula isanayambe, ndipo tinagwirizana kudikira cilimwe kuti tipitirize.

Mvulayo inadula pakati. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cija ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika ku Kariba, ndipo pofika Seputembala nyumba zambiri zinali kuona magetsi maola atatu okha pa tsiku, masiku ena osawaona n'komwe. Mpweya unali wouma, wabwino kupentera kuposa caka ciliconse, koma kompresa inali gone pansi pa nsalu. Tinayesa jenereta yaing'ono ya mnansi, ija imayatsa wailesi yakanema ndi firiji. Inatsamwa n'kuzima mota isanazungulire kawiri. Magetsi akabwera pakati pa usiku, mphwathu anali kudzuka, kudzaza thanki kwa mphindi zocepa anansi asanadandaule, ndipo kukaca anali kupopera ndi mpweya wa m'thankimo. Unali kukwanira kupaka citseko cimodzi ulendo umodzi. Diramu ya mdala uja tinaionera pamenepo ndi maso athu.

Denga analipenta mu Meyi 2025, mvula itatha. Amene angaime kutsogolo kwa galimoto yathu dzuwa lili paliwombo adzaona kuti zitseko za kumanzere n'zoyera kuposa za kumanja, cifukwa zinapentedwa patapita caka, ndipo amai a kunyumba amatikumbutsa zimenezi nthawi zonse tikamakwera. Magalimoto a anthu ena mphwathu wapenta awiri okha, onse kwa mdala uja. Nchito imene imamdyetsa ndi mageti ndi mafelemu a owocherera a ku Kalingalinga, amene amawabweretsa pa wilibala m'mawa n'kudzawatenga madzulo. Mwezi wathawu anafika ndi malata anai atawamanga padenga la Corolla, nawatsitsira kuseri kwa nyumba osanena kanthu. Amai anawawerenga, nawerenganso, nati atsala khumi ndi awiri.